Ngodya zowala ndi timizere takuda pa chithunzi cha Mtambo Waukulu wa Magellan

Mnyamata wa ku Chikwawa: Akuluakulu nonse a pagulu lino, ndikupempha thandizo pa chithunzi chomwe ndaika pamwambapa. Ndi Mtambo Waukulu wa Magellan, mlalang'amba waung'ono woyandikana ndi wathu, womwe ndinaujambula Loweruka lapitali kuyambira 1 koloko usiku mpaka cha m'ma 3:30, ndili kuseri kwa nyumba yathu, kamera italoza kummwera. Kamerayo ndi ya Canon yomwe ndinagula kwa munthu, lenzi ndi ya 135 mm ndipo kabowo kake kolowera kuwala ndinakaika pa f/2.8, zonsezo zitakhala pa kachipangizo kotsatira nyenyezi. Zithunzi zinakwana 100, chilichonse cha masekondi 90 pa ISO 800, zonse za RAW (mafayilo omwe kamera sinawakonze), ndipo ndinaziphatikiza kukhala chithunzi chimodzi mu pulogalamu ya Siril. Mwezi kunalibe. Zomwe zatuluka zandifooketsa kwambiri, chifukwa m'munsi mwa chithunzi mwafiira ngati kukuyaka tchire, ngodya zonse zinayi zawala kuposa pakati, ndiponso paliponse pali timizere takuda topendekeka ngati mvula ya mphepo. Nditayesa background extraction (kuchotsa kuwala kosafunika kwa kumbuyo kwa chithunzi), mtambo weniweniwo unafota n'kutsala kamzere ka pakati kokha. Kodi ndalakwitsa pati?

Aphunzitsi a ku Ngabu: Mphwanga, choyamba musafafanize mafayilo anu a RAW, chifukwa zambiri mwa zimene mwatchulazi zimakonzeka popanda kujambulanso. Pa chithunzi chanu pali mavuto a mitundu iwiri. Ngodya zowalazo ndi timizere takudato zachokera m'kamera ndi m'lenzi, pamene kufiira kwa m'munsiko kwachokera kuthambo. Background extraction anaipangira makamaka kuwala kochokera kuthambo, ndipo mukaituma kukonza za m'kamera imawononga zina. Tiuzeni mmene munajambulira zithunzi zoyezera kamera, zomwe ndi ma dark (za mumdima, lenzi itavundikiridwa), ma flat (za kuwala kofanana ponseponse) ndi ma bias (za mumdima zojambulidwa mwachangu kwambiri): angati, nthawi yanji, muli pati. Ndikuganiza kuti mwina dark simunaichotse pa zithunzi zenizenizo. Kamera imawonjezera nambala yakeyake pa pikiselo (kadontho ka chithunzi) iliyonse ngakhale kuwala kusanalowe, yomwe pa makamera ambiri a Canon ndi 2048, ndipo nambala imeneyi ikatsala pa chithunzi kenaka n'kugawa ndi flat, imakula kwambiri m'ngodya momwe flat ndi yoderako, mpaka ngodyazo zimawala kuposa pakati.

Mnyamata wa ku Chikwawa: Zikomo kwambiri, aphunzitsi. Ma dark ndinachotsa ndithu. Batire inatha cha m'ma 3:30 momwemo, choncho ma dark 20 ndinawajambula Lamulungu masana ndili m'chipinda, masekondi ndi ISO zomwezija, lenzi itavundikiridwa. Ma bias anali 40. Ma flat anali 25, ndipo ndinayala malaya oyera kutsogolo kwa lenzi n'kuloza pa sikirini ya laputopu.

Aphunzitsi a ku Ngabu: Ndiye kuti zimene ndinaganiza pa ngodyazo si zoona, ndipo ndikuzibweza. Koma yankho lanu latiululira gwero la timizere takudato. Sensa, mbali ya kamera yogwira kuwala, imadzipangira yokha timagetsi chifukwa cha kutentha ngakhale ili mumdima, ndipo timagetsi timeneti timawirikiza kawiri kutentha kukakwera ndi madigiri 6 kapena 7. Inu munajambula thambo usiku kunja, koma ma dark munawajambula masana a Okutobala m'nyumba ya malata, pa nthawi yomwe kuno kuchigwa kutentha kumafika madigiri 40. Ngati kusiyana kunali madigiri 12 kapena 14, ma dark anu ali ndi timagetsi tochuluka pafupifupi kanayi kuposa timene tinali pa zithunzi zanu. Pali mapikiselo ena amene mwachibadwa amatentha kuposa anzawo n'kumaoneka ngati timadontho towala. Pochotsa dark yotentha chotere, pa mapikiselo amenewa munachotsa zoposa zimene zinalipo, ndiye m'malo mwa dontho lowala panatsala kadzenje kakuda. Tsono kachipangizo kanu sikatsatira nyenyezi ndendende, kamatsetsereka pang'onopang'ono mbali imodzi usiku wonse. Siril ikamayika nyenyezi pa nyenyezi inzake, kadzenje kaja kamasuntha pang'ono pa chithunzi chilichonse, ndipo zithunzi 100 zikaphatikizidwa kamasanduka kamzere. N'chifukwa chake timizere tanu tonse taloza mbali imodzi. Ojambula amati walking noise.

Mayi a ku Bangula: Pepani aphunzitsi, ndilowepo pa nkhani ya ngodya. Mwanawe, pamene mumajambula ma flat aja, lenzi inali pa f/2.8 monga usiku, kapena munaikhudza? Ndikufunsa chifukwa zoterezi zinandichitikira ndikujambula Mlalang'amba, ndipo ndinataya masabata awiri ndikuimba mlandu pulogalamu.

Mnyamata wa ku Chikwawa: Mayi, ndayang'ana m'mafayilo ndipo mwalasa. Sikirini inali yosawala kwenikweni, choncho ndinatsegula lenzi mpaka f/2 kuti kuwala kulowe kokwanira. Sindinaganize kuti zingasinthe kanthu.

Mayi a ku Bangula: Zimasintha kwambiri. Lenzi iliyonse imafikitsa kuwala kochepa m'ngodya kuyerekeza ndi pakati, ndipo mdima wa m'ngodyawu umakula lenzi ikatsegulidwa yonse. Flat yanu inauza pulogalamu kuti ngodya zinadetsedwa monga zimadera pa f/2, pamene zithunzi zanu zinadetsedwa pang'ono chabe monga pa f/2.8, ndiye pulogalamu inabweza kuwala koposa kumene kunatayika. Flat iyenera kufanana ndi chithunzi pa chilichonse chokhudza njira ya kuwala: kabowo ka lenzi, fokasi, ndi fyuluta ngati ilipo. Kuwala kukachepa, chotalikitsa ndi nthawi osati kabowo. Ndipotu pa sikirini ndi bwino kuti nthawi italikeko, chifukwa masikirini ambiri amaphethira mofulumira kuposa mmene diso lingaonere, ndipo flat yojambulidwa mwachangu imatuluka ndi mikwingwirima. Ine ndimayang'ana kuti phiri la histogram, chojambula choonetsa kuchuluka kwa kuwala pa chithunzi, lifike pakati kapena kuchepera pang'ono, ndipo ndimatembenuza sikirini ndikajambula ma flat angapo kuti ngati mbali ina ya sikiriniyo ndi yowala kuposa inzake zisalowe mu flat. Mwayi wanu ndi woti mdima wa m'ngodya susintha lenzi ikakhala yomweyo, kotero mutha kujambulanso ma flat lero lomwe pa f/2.8, fokasi ili pomwe inali usiku uja.

Achimwene a ku Nsanje: Ndikulemekeza zonse zimene mwanenazi, koma ndikuona ngati tikumulemetsa mnyamatayu. Pali GraXpert, pulogalamu yaulere, yomwe imayang'ana chithunzi n'kudzipezera yokha kuwala kwa kumbuyo. Ine ndakhala ndikujambula popanda flat ngakhale imodzi, ndipo ikadutsamo ngodya zimasalala bwinobwino. Za kufiirako, mwina si magetsi. Kuno ku Nsanje m'bandakucha ndimaona kuwala kotuwa kokwera kuchokera kummawa, komwe kumabwera chifukwa cha fumbi la pakati pa mapulaneti, ndipo kamera imakugwira mosavuta.

Aphunzitsi a ku Ngabu: Achimwene, kuwala mukunenako kulipodi ndipo kuno kwathu kumaoneka bwino chifukwa tili pafupi ndi equator, koma kumatsata njira yomwe dzuwa limadutsa pakati pa nyenyezi. Mtambo Waukulu wa Magellan uli kutali ndi njira imeneyo pafupifupi madigiri 90, motero pa chithunzi ichi tingakuchotse pa mndandanda wa oganiziridwa.

Pa nkhani ya kusiya flat ndiye sindikugwirizana nanu, ndipo ndipereke chitsanzo cha manambala ongoyerekeza. Tinene kuti thambo likupereka 1000 pakati pa chithunzi, ndipo lenzi ikufikitsa magawo 6 okha mwa magawo 10 m'ngodya, ndiye m'ngodya mukuwerenga 600. Nyenyezi yomwe pakati ikanawonjezera 100, m'ngodya iwonjezera 60. Mukasalaza mwa kuwonjezera 400 m'ngodya, thambo lidzaoneka lofanana ponseponse, koma nyenyezi ija idzakhalabe 60, ndipo ufunga wosawala kwambiri womwe unali m'ngodyamo udzakhalabe wofooka. Mukagawa ndi 0.6, thambo libwerera pa 1000 ndipo nyenyezi ibwerera pa 100. Mdima wa lenzi umachepetsa kuwala konse mofanana, choncho umakonzedwa ndi kugawa. Kuwala kwa magetsi kumangodzaunjikika pamwamba pa zimene zilipo, choncho kumakonzedwa ndi kuchotsera. Mapulogalamuwa amakupatsani kusankha pakati pa kugawa ndi kuchotsera, koma pamene mavuto awiriwa ali pa chithunzi chimodzi, kusankha kumodzi kumalakwira vuto linalo. Flat imachotsa loyamba molondola chifukwa inayezedwa pa lenzi yeniyeniyo, kenaka pulogalamu imatsala ndi lachiwiri lokha. Ndiponso fumbi lomwe lili pa galasi la sensa limasiya timawanga tozungulira tomwe pulogalamu yosalaza kumbuyo singatichotse, pakuti imangotsata kusintha kwa pang'onopang'ono.

Achimwene a ku Nsanje: Za manambalazo ndamva, aphunzitsi, ndipo timawanga ta fumbito ndimatiphimbadi ndi dzanja pamapeto. Komabe ndikhalabe pa mfundo yanga yoti GraXpert ndi yabwino pa kufiirako.

Mayi a ku Bangula: Ndi yabwino, achimwene, ine ndimaigwiritsanso ntchito. Nkhawa yanga ili pa chithunzi ichi makamaka. Lenzi ya 135 mm pa sensa yaing'ono ya Canon imagwira pafupifupi madigiri 9 ndi theka m'litali ndi madigiri 6 m'lifupi, ndipo mtambowu pamodzi ndi m'mphepete mwake mosawala umadzaza pafupifupi malo onsewo. Ndiye kuti pa chithunzichi pali thambo lopanda kanthu lochepa kwambiri. Pulogalamu iliyonse, kaya yodziyikira yokha timabokosi toyezera kuwala kwa thambo kaya yogwiritsa ntchito nzeru za makina, ikasowa thambo lenileni imatenga m'mphepete mwa mtambo n'kumuyesa kuwala kosafunika. Kufota kumene mwanayu wadandaula kwachokera pamenepo. Zimandiwawa ndikaona zimenezi, chifukwa kuwala kwa m'mphepeteko kunayenda zaka pafupifupi 160,000 kuti kudzafike pa sensa yake ku Chikwawa, ndipo ndi komwe kumaonetsa kuti chinthuchi ndi mlalang'amba wathunthu osati kabanga chabe. Langizo langa ndi loti nthawi zonse muziyang'ana chithunzi cha zimene pulogalamu yachotsa. Chizikhala chosalala, chowala mbali imodzi n'kumazilala kupita mbali ina. Mukaonamo maonekedwe a mtambo, kapena chotupa pamene pali Tarantula Nebula, ufunga wowala kwambiri wa mu mtambowu, dziwani kuti yadya zanu.

Bambo a ku Nchalo: Ine za mapulogalamu sindidziwa zambiri, koma kufiirako ndikukudziwa. Munthu ali ku Chikwawa akaloza kummwera ndiye kuti waloza kuno kwathu, komwe magetsi amayaka usiku wonse. Magetsi okha sakanafika patali chotero, koma mwezi uno mpweya wadzaza utsi ndi fumbi: nzimbe zimatenthedwa zisanadulidwe, anthu akusosa ndi kutentha zinyalala m'minda, ndipo tchire likupsa. Usiku mphepo ikaleka, utsiwo umangokhala m'chigwa muno, mpaka masiku ena mapiri a ku Thyolo saoneka bwino ngakhale masana. Kuwala kwa magetsi kumagunda utsiwo n'kumwazikira m'mwamba. Mukadikira mvula yoyamba, usiku wotsatira mitambo ikachoka mudzaona kusiyana ndi maso anu omwe.

Aphunzitsi a ku Ngabu: Bambo anena zoona, ndipo ndiwonjezere kuti ngakhale magetsi onse atazima, mbali ya m'munsi ikanawalabe pang'ono. Ife tili pa madigiri 16 kummwera kwa equator, ndipo mtambowu uli pa madigiri 69 kummwera pa thambo, kotero ukakwera kwambiri umangofika madigiri 37 pamwamba pa chizimezime. Pamenepo kuwala kumadutsa mpweya wochuluka pafupifupi kamodzi ndi magawo awiri mwa atatu poyerekeza ndi pa liwombo, ndipo mpweyawo nawo umawala pawokha usiku, makamaka mobiriwira ndi mofiira. Tikumbukirenso kuti chigwa chathu ndi chotsika, malo otsikitsitsa a dziko lino ali mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere kumene Shire amalowera m'Mozambique, ndiye mpweya wonse wokhuthala uli pamwamba pathu.

Tsono pali chinthu china chimene chimapangitsa kufiira kwanu kuvuta kuchotsa. Thambo limazungulira madigiri 15 pa ola, ndipo kamera yanu imazungulira nalo limodzi, koma Nchalo sasuntha. Pa maola awiri ndi theka, mbali yomwe kuwala kwa magetsi kumalowera pa chithunzi inatembenuka ndi madigiri oposa 30, komanso mtambo unakwera, kuwalako n'kucheperako. Chithunzi chilichonse pachokha chili ndi kupendekeka kosavuta, kowala uku n'kumachepa kupita uko. Mukaphatikiza zithunzi 100 zopendekeka mosiyanasiyana mumapeza chinthu chokhotakhota chomwe chimafuna masamu ovuta, ndipo masamu ovutawo ndi amene amatha kupinda n'kutsata maonekedwe a mtambo. Siril imalola kuchotsa kuwala kwa kumbuyo pa chithunzi chilichonse musanaphatikize, pogwiritsa ntchito polynomial ya digiri 1, yomwe ili ngati thabwa lowongoka losatha kupindika. Thabwa lotere lingachotse kupendekeka koma silingalowe m'kati mwa mtambo. Chitani zimenezo mutachotsa kale dark ndi kugawa ndi flat. Mukaphatikiza, dulani m'mbali momwe zithunzi sizinakumane bwino, ndipo ngati pakadatsala kanthu ikani timabokosi ndi dzanja, tochepa, kutali ndi mtambo ndi nyenyezi zowala. Zonsezi zichitike chithunzi chisanakokedwe kuti chiwale, pakuti chikakokedwa manambala ake sakhalanso olingana ndi kuwala kumene kunalowa, ndipo kuchotsera sikugwiranso bwino.

Mnyamata wa ku Chikwawa: Ndathokoza nonse. Nanga ma dark ndidziwa bwanji kuti kutentha kwafanana, popeza kamera yanga ilibe choziziritsira?

Achimwene a ku Nsanje: Pamenepo ndingathandize. Makamera a Canon amalemba kutentha kwa m'kati mwake m'fayilo iliyonse, ndipo pulogalamu yaulere ya ExifTool imakuonetsani. Yang'anani zithunzi za usiku uja, mudzaona kuti zoyamba ndi zozizirirako ndipo nambala imakwera mpaka kukhazikika. Usiku uno tulutsani kamera panja pa nthawi yomweija, muisiye ijambule mpaka nambala ifike pomwepo, kenaka musunge ma dark okhawo amene akusiyana ndi digiri imodzi kapena awiri. Muphimbenso kagalasi koyang'anira kumbuyo, chifukwa kuwala kumatha kulowera pamenepo.

Aphunzitsi a ku Ngabu: Ndipo achuluke. Dark iliyonse ili ndi mchengamchenga wake, womwe umachepa molingana ndi square root ya chiwerengero chake, kotero ma dark 25 amauchepetsa kasanu, pamene 9 amauchepetsa katatu kokha. Ma dark ochepa amaonjezera mchenga pa chithunzi m'malo mochotsa.

Mnyamata wa ku Chikwawa: Ndabweranso patatha masiku atatu, ndipo chithunzi chatsopano chili pamwambapa. Zithunzi za usiku uja zinali pa madigiri 33 ndi 34, pamene ma dark akale anali pa 46, ndiye aphunzitsi munalondola. Ndajambula ena 36 usiku. Ma flat atsopano a f/2.8 achotsa kuwala kwa m'ngodya. Ndinachotsa kupendekeka pa chithunzi chilichonse ndi digiri 1, ndipo kufiira kwatsala kochepa kwambiri, komwe ndinakumaliza ndi timabokosi 12 m'ngodya ndi m'mbali. Ndinayesanso GraXpert pa chithunzi chomwecho monga achimwene ananenera, ndipo tsopano ikuchita bwino, ngakhale pa chithunzi cha zochotsedwa ndinaona kachotupa pang'ono pakati, choncho ndasunga cha timabokosi. Mtambo wakula kuwirikiza, ndipo ndikuona ufunga womwe poyamba sunalipo. Zatsala ziwiri. Timizere takuda tatha, koma ndikakulitsa chithunzi ndikuona tina tofiira ndi tobiriwira tosaoneka kwambiri, toloza mbali yomweija. Komanso kumanja kuli kabanga kooneka ngati mwezi wongokhala kumene, mbali ina kowala mbali ina kakuda.

Mayi a ku Bangula: Kabangako ndi fumbi lomwe linasuntha pakati pa usiku uja ndi tsiku lomwe mwajambula ma flat atsopano. Pamene fumbi linali pakadali mdima, ndipo pamene lafika tsopano flat yawalitsa malo amene sanadetsedwe. Kamera yanu imagwedeza galasi la sensa nthawi iliyonse mukaiyatsa kapena kuizimitsa, ndiye lowani mu menyu muzimitse kudziyeretsa kumeneko, ndipo ma flat muzijambula usiku womwewo musanachotse lenzi. Pa chithunzi ichi kabangako muyenera kungokapirira kapena kukadula.

Aphunzitsi a ku Ngabu: Timizere totsalato dark singatithetse, chifukwa pa kamera yopanda choziziritsira kutentha sikungafanane ndendende usiku wonse. Mankhwala ake ndi kusuntha kamera dala pakati pa zithunzi, mbali zosiyanasiyana mosatsata ndondomeko, zomwe amati dithering. Pikiselo yoipa ikamagwera malo osiyana a thambo pa zithunzi zosiyana, njira yophatikizira yotaya manambala opatuka, monga Winsorized sigma clipping ya mu Siril, imaizindikira n'kuitaya, monga imatayira mizere ya masatelayiti ndi ndege. Si nzeru ya ife ongoyesera tokha. Pamene telesikopu ya m'mlengalenga ya Hubble inajambula chithunzi cha Hubble Deep Field mu Disembala 1995, ankaisuntha pang'ono pakati pa zithunzi, ndipo njira yophatikizira ya drizzle, ya Andrew Fruchter ndi Richard Hook, inapangidwira zithunzi zimenezo.

Mnyamata wa ku Chikwawa: Kachipangizo kanga sikalumikizana ndi kompyuta, aphunzitsi. Kodi ndingasunthe ndi dzanja, ndipo ndisunthe motani?

Aphunzitsi a ku Ngabu: Mungathe. Pa lenzi ya 135 mm pikiselo imodzi ya kamera yanu imagwira pafupifupi masekondi 6 kapena 7 a digiri (digiri imodzi ili ndi masekondi 3,600), ndipo thambo limayenda masekondi 15 a digiri pa sekondi iliyonse ya nthawi pa equator ya thambo, koma pamene pali mtambowu limayenda pang'ono chabe, pafupifupi masekondi 5. Mukazimitsa kachipangizo masekondi 15 mpaka 20 n'kukayatsanso, mwasuntha mapikiselo oposa 10, zomwe n'zokwanira. Kumeneko ndi kummawa ndi kumadzulo kokha, choncho nthawi zina muzimasula pang'ono mutu wonyamula kamera n'kuikankha pang'onong'ono mbali inayo, ulendo wina uku ulendo wina uko. Muzichita zimenezi mukajambula zithunzi zitatu kapena zinayi zilizonse, ndipo mudikire masekondi angapo kugwedera kuthe musanayambenso. Musiye malo m'mbali mwa chithunzi poti mudzadulako, ndipo mukapeza lenzi yaifupi ngati ya 85 mm, ijambuleninso mtambowu ndi imeneyo kuti mudzakhale ndi thambo lopanda kanthu loyikapo timabokosi.

Bambo a ku Nchalo: Kuno mitambo yayamba kusonkhana kumadzulo kuyambira dzana. Mvula ikagwa ndidzalemba pano m'mawa mwake kuti mukonzeretu mabatire, ndipo muguleko yachiwiri kuti ma dark ndi ma flat adzajambulidwe usiku womwewo.